Jazz ya ana a ku London ndi jazz ndithu, olo amalume akane

Mwezi wathawu ndinawatumizira amalume anga nyimbo pa WhatsApp, ya Ezra Collective, anyamata asanu a ku London aja, ndikuti amalume tamverani izi mundiuze maganizo anu. Amalumewa ndi amene anandilowetsa mu jazz ndili kamwana, kunyumba kwawo ku Chilomoni kunali zimbale zakuda zikuluzikulu zija, Miles Davis, John Coltrane, Hugh Masekela, Dollar Brand, ndipo Lamulungu masana tikabwera kutchalitchi ankatikhazika tonse pabalaza nkuyika singano pa chimbale, woyankhula aliyense ankatulutsidwa panja olo akhale mlendo. Nde ine ndimaona ngati asangalala kumva kuti chamba chawo chija chidakali moyo, chagwira achinyamata. Patapita masiku awiri kunabwera voice note yaitali, ndimve: "Mphwanga, anyamatawa zida amazitha, zimenezo sindikukana ayi, koma izi ndi za pa ukwati izi. Jazz timamvera titakhala pansi. Zimenezi azipezere dzina lina."

Zinandikhudza, chifukwa amalume si munthu wongoyankhula, khutu lawo ndi lakuthwa kuposa langa. Komanso sali okha. Kuno ku UK komwe ndakhala zaka zingapo tsopano mawu omwewa ndawamva kwa azibambo a imvi amene anakulira ku Ronnie Scott's, kalabu ya jazz ya ku Soho imene inatsegulidwa mu 1959, nawonso amati ana amasiku anowa akungovinitsa anthu ndi Afrobeat kenako nkumata dzina la jazz pamwamba kuti alemekezeke. Ine ndikukana. Zimene akuchita anawa ndi jazz yeniyeni, ndipo njira imene akuyenda ndi yomweyo imene oyimba a ku Sweden ndi Norway anayenda kalekale anthu nkuwawombera m'manja, kusiyana kwake nkoti nyimbo za makolo a awa zimagwedeza thupi pomwe za makolo a enawo zimakukhazika chete.

Kwa amene simukuwadziwa, Ezra Collective ndi Femi Koleoso pa ng'oma, mng'ono wake TJ pa besi, Joe Armon-Jones pa kiyibodi, Ife Ogunjobi pa lipenga ndi James Mollison pa sakisofoni. Mu September 2023 anawina Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana cha chaka ku UK ndi Ireland, ndi chimbale chawo Where I'm Meant to Be. Mphoto imeneyi inayamba mu 1992 ndipo zaka zambiri pa mndandanda pankapezeka chimbale chimodzi cha jazz chongodzazira malo, aliyense akudziwa kuti sichiwina, mpaka anyamatawa anabwera nkukhala bandi ya jazz yoyamba kuitenga. Mu November 2024 anakaimba ku Wembley Arena, holo yolowa anthu pafupifupi 12,500, ndipo mu 2025 anatenga Brit Award ya gulu lopambana, kupitirira mabandi a rock ndi pop. Ndikudziwa amalume anena kuti kudzaza holo si umboni woti nyimbo ndi yabwino, ndipo apa akunena zoona, nde za mphoto ndizisiyira pomwepa tilowe mu nyimbo mwenimwenimo.

Nkhani yokhala pansiyi. Jazz sinabadwe itakhala pansi ayi. Ku New Orleans inkaimbidwa mumsewu, pa maliro, popita kumanda malipenga akulira pang'onopang'ono, pobwerako anthu akuvina, komanso m'malo omwera mowa usiku. Duke Ellington ndi Count Basie m'ma 1930 ankaimbira anthu ovina, ku Savoy Ballroom ku Harlem anyamata ankaponya atsikana m'mwamba nkuwawakha nyimbo ili mkati. Kukhala pansi kunadza pambuyo, m'ma 1940 pomwe Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie anabweretsa bebop, yothamanga komanso yokhotakhota moti miyendo inalephera kutsatira. Ndi jazz yokoma zedi imeneyo, ine ndimaikonda ndipo ndinaiphunzira pabalaza pa amalume pomwepo, koma ndi nthambi imodzi chabe, mtengo wake ndi waukulu. Ndipo Masekela amene amalume amamuvulira chipewayo, ndani anamuonapo akuimba anthu atangopinda manja?

Koma pomwe pamandipweteka kwambiri ndi apa. Oyimba a ku Ulaya atayamba jazz, ambiri ankangokopera a ku America, uyu kuliza ngati Parker, uyo ngati Miles, ndipo ankamveka ngati fotokope, olo akhale aluso bwanji. Anayamba kumveka ngati anthu paokha pomwe anatembenukira ku nyimbo za kwawo. Mu 1964 Jan Johansson wa ku Sweden anatulutsa Jazz på svenska, piyano ndi besi basi, nyimbo zake zamakolo za m'midzi ya ku Sweden, ndipo mpaka lero ndi chimbale cha jazz chimene chinagulidwa kwambiri m'dziko limenelo. Jan Garbarek wa ku Norway, sakisofoni yake imalira ngati munthu akuitana mnzake kutsidya kwa phiri, pa chimbale chake Dis cha 1977 anafika poikamo zeze woimbidwa ndi mphepo, ndipo mu 1994 anapanga Officium ndi Hilliard Ensemble, azibambo anayi oyimba nyimbo zakalekale za m'tchalitchi m'Chilatini, anajambulira kunyumba ya amonke ku Austria, iye akungoyendayenda ndi sakisofoni pakati pa mawu awo. Mulibe ng'oma m'menemo, mulibe swing, blues sungaimve, koma chinatuluka ku ECM, kampani ya Manfred Eicher ya ku Munich imene inayamba mu 1969, chinagulidwa makope opitirira miliyoni ndipo m'shopu umakachipeza pa shelefu ya jazz. Analipo ena amene anang'ung'udza nthawi imeneyo kuti izi zazizira kwambiri, zatalikirana ndi blues, koma lero mkanganowo unazirala, aliyense amangoti ndi jazz ya ku Ulaya, ya kumpoto, ndipo amaitchula mwaulemu. Esbjörn Svensson wa ku Sweden ndi anzake awiri anathiramo za rock ndi zamagetsi, magazini ya DownBeat ya ku America inawaika pachikuto mu 2006, bandi yoyamba ya ku Ulaya kufika pamenepo, iye asanamwalire pa ngozi ya m'madzi mu 2008. Pano kuli Fergus McCreadie wa ku Scotland, ukamvera Forest Floor ya 2022 umachita kumva nyimbo zamakolo za kwawo zikutuluka m'zala zake pa piyano, ndipo sindinamvepo munthu akumuuza kuti apeze dzina lina.

Nde funso langa kwa amalume ndi kwa azibambo a ku Soho aja ndi ili: ngati mwana wa ku Norway akuloledwa kutenga nyimbo ya agogo ake nkuithira mu jazz anthu nkumati ndi luso lozama, bwanji mwana wa ku Enfield kumpoto kwa London, amene makolo ake anachokera ku Nigeria, amene anakula akumva Fela Kuti kunyumba ndi kuimba ng'oma kutchalitchi, akatenga za makolo ake tikuti ndi za pa ukwati? Iyenso ndi wa ku Ulaya. Anabadwira konko, sukulu anaphunzira konko, ndipo nyimbo zamakolo za London ya lero ndi zimenezo, highlife, reggae, dub, calypso, grime, kwaya ya mpingo wa Pentekosite. Mwana wa ku Peckham kapena Lewisham alibe mapiri a chipale oti aziwaimbira. Ali ndi basi ya usiku, msika wa zilazi ndi nsomba zouma, ndi masipika akuluakulu a ku Notting Hill Carnival.

Tamverani Source ya Nubya Garcia ya 2020 muone zimene ndikunena. Mayi ake ndi a ku Guyana, bambo ake mizu yawo ndi ya ku Trinidad, iye anakulira ku Camden. Nyimbo imene inapereka dzina la chimbalecho ndi ya mphindi pafupifupi 12, pansi pali besi ya dub ya ku Jamaica, yolemera, yobwerezabwereza, koma pamwamba pake mtsikanayu akuliza sakisofoni mwa njira yoti aliyense amene anamverapo Coltrane kapena Sonny Rollins azindikira kuti anamwa madzi a chitsime chimenecho, amayamba ndi kamawu kochepa, nkukatembenuza, nkukatambasula, kukwera nako mpaka kumwamba kenako nkutsika mosathamanga. Kumeneko ndi kupeka nyimbo pompopompo, ndipo kupeka pompopompo uku akumvetserana ndi wa ng'oma ndi wa besi ndiye mtima wa jazz, osati mpando umene womvera wakhalira. Pa chimbale chomwecho pali ya cumbia imene anaimba ndi azimayi a gulu la La Perla a ku Colombia, ndipo imagwirizana bwinobwino ndi zinazo, sizimveka ngati chigamba.

Kapena Sons of Kemet, gulu la Shabaka Hutchings, amene anabadwira ku London nkukakulira ku Barbados. Bandi yake inalibe piyano, inalibe besi, kunali ng'oma za anthu awiri, sakisofoni, ndi tuba, chilipenga chachikulu chija cha m'bandi ya apolisi, chimene Theon Cross amachiliza ngati kuti ndi chidole. Tuba imeneyo ndi imene inkagwira ntchito ya besi m'misewu ya New Orleans jazz ikuyamba kumene, nde amene akuti anawa ataya mwambo aganizirepo, mwina abwerera kumene mwambowo unachokera. Chimbale chawo Your Queen Is a Reptile cha 2018 chinatuluka ku Impulse!, kampani yomweyo imene inatulutsa A Love Supreme ya Coltrane, ndipo nyimbo iliyonse inapatsidwa dzina la mzimayi wakuda amene iwo akuti ndiye mfumukazi yawo, Harriet Tubman, Yaa Asantewaa wa ku Ghana, Albertina Sisulu wa ku South Africa, Doreen Lawrence mayi wa mnyamata amene anaphedwa ndi anyamata atsankho ku London mu 1993, ndi mayi wa agogo ake a Shabaka yemweyo. Pa ukwati sitiimba zotere. Muli mkwiyo m'menemo, muli maliro, ndipo ukhoza kuvina uku mtima ukuwawa, monga timachitira ife tomwe pa zinthu zina kwathu.

Ndipo si zonse zovina. Nyimbo imene inatchukitsa Kokoroko, gulu limene Sheila Maurice-Grey woliza lipenga anayambitsa pamodzi ndi Onome Edgeworth, ndi Abusey Junction, yofatsa kwambiri, gitala ikungodontha pang'onopang'ono ngati madzi a padenga mvula itakata, malipenga akubwera chapansipansi. Inali yomaliza pa We Out Here, chimbale cha 2018 chimene kampani ya Brownswood ya Gilles Peterson inasonkhanitsapo magulu a achinyamata a ku London, Shabaka akuyang'anira, ndipo pa YouTube yamveredwa kambirimbiri, mamiliyoni. Imeneyo amalume akhoza kuimvera atakhala pansi mmene amafuniramo.

Za Afrobeat nazo pali chinthu chimene anthu amaiwala. Fela Kuti anabwera ku London mu 1958 nkukalowa Trinity College of Music, ankaliza lipenga, ndipo bandi yake Koola Lobitos inkasakaniza highlife ndi jazz. Tony Allen, wa ng'oma amene anapanga kagundidwe ka Afrobeat, ankanena yekha kuti anaphunzira pomvera Art Blakey ndi Max Roach, ndipo mu 2017 ali nkhalamba anajambula nyimbo za Blakey ku kampani ya Blue Note pomulemekeza. Ndiye kuti Afrobeat ndi mwana wa jazz, anabadwira ku Lagos koma magazi ndi omwewo. Koleji ija ya Fela lero imatchedwa Trinity Laban, ili ku Greenwich, ndipo ndi komwe anaphunzira Femi Koleoso, Nubya Garcia ndi Moses Boyd, ndipo Femi anaphunziranso ng'oma kwa Tony Allen yemweyo, amene anamwalira mu 2020. Mwana wabwerera kwa make nde tikumuthamangitsa pakhomo kuti si wa pano?

Dandaulo lina limene ndimalimva, ndipo ili ndi lolemera kuposa la kuvina, ndi loti nyimbo za anawa ndi zophweka, ma chord (mawu angapo olizidwa pamodzi) awiri basi kuzungulira pomwepo mphindi zisanu ndi ziwiri, pomwe akale ankasintha chord pafupifupi pa kugunda kulikonse. Chabwino. Koma So What ya Miles Davis, yoyamba pa Kind of Blue ya 1959, chimbale chimene amalume ankachipukuta ndi kansalu kake kapadera, ili ndi ma chord angati? Awiri. Gawo loyamba la A Love Supreme laima pa timawu tinayi ta besi tobwerezabwereza. Miles anachita dala kuchepetsa ma chord kuti woliza apeze malo opumira ndi kuganiza. Anawa kuvuta kwa nyimbo anakusamutsira ku ng'oma, tamverani bwino zimene Moses Boyd akuchita pa Dark Matter kapena Yussef Dayes pa Black Classical Music ya 2023, dzanja lina likuyenda njira yake, phazi njira yake, zikuphonyana dala nkukakumana kutsogolo, munthu amene anakulira pafupi ndi ng'oma za gule sangalephere kumva kuti apa pali nzeru. Ndipo si kuti zakale sazitha ayi. Ezra anajambula Footprints ya Wayne Shorter pa chimbale cha Blue Note Re:imagined mu 2020, ajambulanso za Sun Ra. Anasankha njira yawo akuidziwa njira inayo.

Pali pomwe amalume akulondola, ndipo ndisabise. Si chimbale chilichonse chochokera ku London chimene chili chabwino. Jazz ya kumeneko itatchuka cha m'ma 2018, makampani ndi atolankhani anathamangira aliyense wonyamula sakisofoni kummwera kwa mtsinje wa Thames, ndipo kunatuluka zimbale zina zoti ukamvera nyimbo yoyamba wamva zonse, kagundidwe kabwino koma solo yopanda nkhani, woliza akungobwereza timawu titatu mokweza mpaka anthu akuwe. Pa siteji zimenezo zimagwira, thukuta, kuwala, anthu akudumpha, koma ukazimvera wekha kunyumba ndi mahedifoni umapeza kuti mkati mulibe kanthu. Olo Ezra amene ndikuwaikira kumbuyowa, ine ndimaona kuti mphamvu zawo zenizeni zili pa siteji, zimbale zawo zimagwirako theka chabe, ndipo pena alendo oyimba ndi pakamwa amachuluka mpaka malipenga kusowa malo. Chinanso chimene chimandinyansa ndi choti phokoso la London linaphimba ena, ku Manchester kuli GoGo Penguin ndi Matthew Halsall, ku Glasgow kuli gulu lonse la achinyamata, kuli akuluakulu ngati Evan Parker amene akhala akuliza sakisofoni mwa njira yawoyawo kuyambira m'ma 1960 m'timaholo ta anthu ochepa, ndipo nyuzi zimalemba ngati jazz ya ku Britain inayamba dzulo. Shabaka yemwe, pomwe anali pamwamba penipeni, Sons of Kemet inatha mu 2022, kumapeto kwa 2023 anaika sakisofoni pansi nkuyamba zitoliro, kuphatikizapo shakuhachi ya nsungwi ya ku Japan, ndipo chimbale chake cha 2024 ndi chachete moti ungachiike pambali pa za ECM zija. Ine ndimaona ngati nayenso anatopa ndi kukuwa usiku uliwonse. Koma kunena kuti zimbale zina ndi zofooka ndi nkhani ina, kunena kuti si jazz ndi nkhani inanso. Nthawi ya bebop nayo inali ndi oliza ambirimbiri ongothamangitsa zala opanda chonena, tinawaiwala, tinatsala ndi Parker.

Chimene chimandipangitsa kuwalemekeza kwambiri anawa ndi komwe anachokera. Sanagwe kumwamba. M'ma 1980 kunali Jazz Warriors, gulu la achinyamata akuda a ku London, m'menemo munali Courtney Pine amene chimbale chake Journey to the Urge Within cha 1986 chinalowa pa mndandanda wa zimbale 40 zogulidwa kwambiri ku UK, chinthu chosowa kwa jazz. Munalinso Gary Crosby woimba besi, ndipo iyeyu ndi Janine Irons mu 1991 anayambitsa Tomorrow's Warriors, malo oti ana, makamaka akuda ndi atsikana, aziphunzira jazz ulere. Ulere, amalume. M'dziko lomwe kuphunzitsa mwana piyano ola limodzi ndi ndalama yoti kholo logwira ntchito yosamalira okalamba silingakwanitse sabata iliyonse. Kwa zaka zambiri akhala akukumana ku Southbank Centre, wamkulu kuphunzitsa wamng'ono, wamng'onoyo akakula naye kuphunzitsa wina, ndipo zimene amaphunzitsa kumeneko ndi zakale zomwezo, blues, swing, bebop, kumvera chimbale nkutsanzira solo mpaka uiloweze. Ezra anakumana kumeneko ali ana asukulu. Nubya, Moses Boyd, Sheila Maurice-Grey, Cassie Kinoshi, Theon Cross, onsewo anadutsa m'manja amenewo. Taonani kuchuluka kwa atsikana oliza malipenga, pa zimbale za amalume zija mzimayi ankapezeka ngati woyimba ndi pakamwa kapena pa piyano mwa apo ndi apo, pano kuli gulu ngati Nérija lomwe pafupifupi onse ndi akazi. Usiku wa Mercury uja Femi polankhula ananena kuti iwo anakumana ku kalabu ya achinyamata, ndipo anathokoza anthu amene amataya nthawi yawo kuphunzitsa ana nyimbo. Ananena zimenezo m'dziko lomwe makalabu a achinyamata ambirimbiri anatsekedwa kuchokera 2010 boma litadula ndalama za makhonsolo. Zaka zopitirira 30 anthu awiri ndi anzawo akulima munda umodzi mosatopa, zokolola zake ndi zimene tikumvazi.

Ndipo mkangano uwu si wachilendo ku London, ndi chifukwa chake sindifuna kuti tiubwereze. Joe Harriott wa ku Jamaica anafika ku Britain mu 1951, kumayambiriro kwa m'ma 1960 anali akupanga kale jazz yomasuka yakeyake pa chimbale Free Form, kenako anasakaniza ndi nyimbo za ku India pamodzi ndi John Mayer, koma anamwalira mu 1973 ali wosauka, ulemu unabwera iye ali m'manda. Mu 1964 anyamata a Blue Notes anachoka ku South Africa chifukwa malamulo a tsankho sankalola mzungu ndi akuda kuimba pamodzi, Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani, Louis Moholo ndi Nikele Moyake, anakaimba ku Antibes ku France osabwereranso, kupatula Moyake amene anabwerera kwawo akudwala, ndipo mu 1965 enawo anafika ku London. Anabwera ndi kwela, ndi marabi, ndi nyimbo za m'tchalitchi za kwawo, nkuzithira mu jazz yolusa kwambiri, ndipo oyimba achingerezi amene anaimba nawo mu Brotherhood of Breath, bandi yaikulu ya McGregor, anasinthika maimbidwe. Koma moyo wawo unali wa mavuto, Feza anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha, Dyani mu 1986, Pukwana ndi McGregor onse mu 1990, palibe mwa anayiwa amene anaona South Africa ya ufulu. Mwa amene anafika ku London aja, Moholo yekha ndi amene anabwerera kwawo. Nde Shabaka atapita ku Johannesburg kukajambula Wisdom of Elders ya 2016 ndi oyimba a kumeneko, anali akutsatira mapazi a anthu amenewa chobwerera.

Nafenso tilimo pang'ono m'nkhaniyi, osati kwambiri koma tilimo. Pa chimbale cha Ezra chowina Mercury chija, nyimbo yoyamba muli Sampa the Great wa ku Zambia. Ndipo kuli Malia, wobadwira ku Malawi, mayi ake Mmalawi bambo ake Mngerezi, anasamukira ku London ali mtsikana, dzina anakalipangira ku France ndi Germany, chimbale chake cholemekeza Nina Simone chotchedwa Black Orchid chinamupatsa mphoto ya ECHO Jazz, kenako mu 2016 anatulutsa Malawi Blues/Njira. Nayenso atayenda mu nyimbo za eni ake anatembenukira kwawo, monga anachitira Johansson, monga akuchitira ana a ku London.

Amalume sanasinthe maganizo, ndipo sindikuyembekeza kuti nkhani ino iwasintha, ndi munthu woti akaima waima. Ndinawatumizira Source, anayankha kuti mtsikanayo ali ndi mpweya wabwino koma besi ija yachuluka. Sabata ino ndikuwatumizira MRA, nyimbo ya Dudu Pukwana imene imatsegula chimbale choyamba cha Brotherhood of Breath cha 1971, malipenga ambirimbiri akuthamangitsana pamwamba pa ng'oma za Moholo, yojambulidwa ku London Femi Koleoso asanabadwe ndi zaka zoposa 20. Sindiwauza chaka, sindiwauza mzinda, sindiwauza oyimba. Ndingowafunsa kuti amalume, iyi ndi yomvera titakhala pansi kapena ndi ya pa ukwati.